Kodi Cabeza de Vaca anachotsedwa pa ubwanamkubwa chifukwa cha chilungamo kapena kuuma mutu?

Kamtedza

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa masabata angapo. Ndakhala ndikuwerenga za Álvar Núñez Cabeza de Vaca, mbadwa ya ku Jerez de la Frontera m'dziko la Spain, amene mu 1540 mfumu Carlos inamupatsa udindo wolamulira chigawo cha Río de la Plata, kumene lero kuli mayiko a Paraguay ndi Argentina. Munthuyu anafika ku Asunción, mzinda umene lero ndi likulu la Paraguay, pa 11 Malichi 1542, koma pa 25 Epulo 1544 anthu a mtundu wake omwe anamugwira n'kumutsekera m'kanyumba, ndipo chaka chotsatira anamukweza m'chombo kupita naye kwawo ali mkaidi. Ambiri amene amalemba za iye amati anaona zakudazi chifukwa choteteza eni nthaka kwa Asipanishi anzake. Ine nkhani yokoma chonchi imandikayikitsa, pakuti mabwanamkubwa a nthawi ya atsamunda sankatumizidwa kukachita chifundo. Kodi amene mwaifufuza nkhaniyi mukuti bwanji? Anagwa chifukwa cha chilungamo chake, kapena analephera kulamulira anthu ndipo pambuyo pake anadziyeretsa yekha ndi cholembera?

Chiphaliwali

Ndisanayankhe ndifunse kaye. Kodi dzinali ndi lenileni? Ndamva kuti limatanthauza mutu wa ng'ombe.

WakuTete

Ndi lenileni, a Chiphaliwali, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo, mutu wa ng'ombe yaikazi. Linali dzina la banja la amayi ake, a Teresa Cabeza de Vaca, ndipo panalibe chamanyazi pa ilo, chifukwa linali banja lolemekezeka. Pali nthano yakuti dzinali linayamba pa nkhondo ya Las Navas de Tolosa mu 1212, pamene mbusa wina anaika chigaza cha ng'ombe polozera asilikali njira ya m'mapiri, koma imeneyo tiitenge monga nthano ya banja. Mbali imene ikukhudza funso la a Kamtedza ndi ya kuchimuna. Agogo ake anali Pedro de Vera, amene anagonjetsa Gran Canaria, chimodzi mwa zilumba za Canary, ndipo ankadziwika ndi nkhanza komanso kugulitsa anthu a pazilumbazo mu ukapolo. Mdzukuluyu ankanyadira agogo akewo, moti podutsa m'dera limene lero ndi kummwera kwa Brazil mu 1541, anatcha dzikolo chigawo cha Vera.

MphunzitsiWopuma

Ana anga, simungamumvetse bwanamkubwa ameneyu mukapanda kuyamba ndi ulendo wake woyamba, chifukwa mbiri yonse yakuti anali wachifundo inachokera kumeneko. Pa 17 Juni 1527 ananyamuka ku Sanlúcar de Barrameda ali msungichuma wa mfumu pa ulendo wa Pánfilo de Narváez, umene unali ndi zombo 5 ndi anthu pafupifupi 600, cholinga chake chili kukalanda Florida. Atafika ku Florida mu Epulo 1528, Narváez anagawa gululo, ena nakhala m'zombo, ena pafupifupi 300 nalowa kumtunda wapansi kukafuna golide. Magulu awiriwa sanaonanenso. Njala ndi matenda zitawapanikiza, a kumtunda aja anasula misomali ndi nkhwangwa kuchokera ku zitsulo za pa zishalo za akavalo, nadya akavalowo mmodzimmodzi, napanga mabwato 5 amene anayenda nawo m'mphepete mwa nyanja kulowera kumadzulo. Mu Novembala 1528 mafunde anawaponya pa gombe la kumene lero kuli Texas, ndipo mwa anthu pafupifupi 80 amene anatsikira pa chilumba chimene anachitcha Malhado, nyengo yozizira itatha anatsala 15 okha.

Kuchokera pamenepo msungichuma wa mfumu uja anasanduka wantchito wa eni nthaka, akuyenda wamaliseche, akukumba mizu m'madzi mpaka zala kutuluka magazi. Kenako anayamba malonda, kunyamula zigoba za nkhono zam'nyanja kupita nazo kumtunda n'kubwerako ndi zikopa ndi miyala yopangira mivi. Mu 1534 anathawa pamodzi ndi anzake atatu, Andrés Dorantes, Alonso del Castillo ndi Estevanico, ndipo anayiwa anayenda wapansi mpaka kufika kumadzulo kwa Mexico mu 1536, anthu akuwalandira monga asing'anga chifukwa ankapempherera odwala ndi kuwauzira mpweya. Pafupi ndi Culiacán anakumana ndi Asipanishi osaka akapolo otsogozedwa ndi Diego de Alcaraz, ndipo anakangana nawo kwambiri pofuna kuti anthu mazanamazana amene ankawaperekeza asagwidwe. Iye analemba kuti eni nthakawo anakana kukhulupirira kuti anayiwa ndi osaka akapolowo anali mtundu umodzi, popeza ena anabwera opanda nsapato akuchiritsa odwala, pamene enawo anabwera pa akavalo ndi mikondo akupha anthu abwinobwino. Munthu amene wadutsa m'zimenezi zaka 8 sangakhale monga analili ponyamuka, ndipo ine ndimakhulupirira kuti kusinthako kunali kwenikweni.

Nachisale_LL

A Mphunzitsi, ndikupereka ulemu wonse, koma mawu akuti "iye analemba" ndi amene tiyenera kuwagwiritsitsa. Nkhani ya ulendo woyambayo tikuidziwa makamaka kudzera m'buku lake lomwe, limene linasindikizidwa ku Zamora mu 1542, ndipo analilemba akufuna kuti mfumu imupatse udindo wina. Atabwerera ku Spain mu 1537 anapeza kuti ulamuliro wa Florida waperekedwa kale kwa Hernando de Soto, choncho ankafunika kuonetsa kuti iye ndiye amadziwa kugonjetsa anthu popanda kukhetsa magazi ambiri. Nkhani ya ku Paraguay nayonso tikuimva kudzera mu Comentarios, buku limene analemba ndi mlembi wake Pedro Hernández ndipo linatuluka ku Valladolid mu 1555, mlandu wa bwana wake utatha. Kubwalo la milandu, umboni wa woimbidwa mlandu ndi wa mlembi amene iye amamulipira sitiutaya, komanso sitiumeza wonse. Ulrich Schmidl, msilikali wa ku Germany amene analipo ku Asunción nthawi imeneyo, analemba zosiyana kwambiri, akumuonetsa monga munthu wodzitukumula amene asilikali sankamukonda.

MphunzitsiWopuma

Mwanena zoona, mayi, koma Schmidl anali wa mbali ya Irala, mdani wa bwanamkubwayo amene anatenga ulamuliro iye atamangidwa, ndipo anali mmodzi wa asilikali amene malamulo a bwanamkubwayo ankawalanda zofunkha. Ngati mboni imodzi ikudya kwa woimbidwa mlandu, inayo ikudya kwa wodandaula.

Mlonda_wa_Usiku

Ndikupempha kuti tisadumphe dzina limene a Mphunzitsi alitchula mothamanga. Estevanico anali munthu wa mu Africa muno, wa ku Azemmour m'mphepete mwa nyanja ku Morocco, ndipo anali kapolo wa Dorantes. M'zaka zonse za kuyenda kuja, iye ndiye ankatsogola kukalankhula ndi anthu a m'midzi, kufunsa njira ndi kuphunzira zilankhulo, pamene Asipanishi atatuwo ankalankhula pang'ono dala kuti aziopedwa. Anavutika mofanana ndi iwo, anadya mizu yomweyo, anagona pa dothi lomwelo. Atafika mumzinda wa Mexico mu 1536, atatu aja anabwerera ku ulemu wawo, koma iye anabwerera ku ukapolo, ndipo mu 1539 Antonio de Mendoza, woimira mfumu ku New Spain (dzina la Mexico pa nthawiyo), anamutuma kukalondolera njira wansembe Marcos de Niza kumpoto, kumene akuti anaphedwa pa mudzi wa Hawikuh wa anthu a Zuni. Kumapeto kwa buku lake, Cabeza de Vaca anatchula anzake awiri pamodzi ndi makolo awo ndi kwawo, koma Estevanico anamutchula pomalizira m'mawu ochepa chabe, kunena khungu lake ndi mzinda wake. Ngati zaka 8 za mavuto zinamutsekula maso pa eni nthaka a ku America, bwanji sizinamutsekule pa munthu amene ankagona naye pamodzi?

Chiphaliwali

Funso limeneli ndiye lapweteka. A Mphunzitsi, tiyankheni.

MphunzitsiWopuma

Ndilibe choyankha chimene chingamuyeretse. Estevanico sanali kapolo wake, anali wa Dorantes, koma zimenezo sizimuchotsera mlandu wa kukhala chete. Chimene ndinganene n'chakuti iye sankatsutsa ukapolo wonse. Ankatsutsa kugwira anthu amene agonjera mfumu ndi kulandira chikhristu, chifukwa malamulo a mfumu ankaletsa zimenezo, ndipo ankakhulupirira kuti kukoma mtima ndi njira yachidule yowakokera pansi pa ulamuliro wa Spain.

Gogo_waNtcheu

Adzukulu, ndikuona kuti mawu akuti bwanamkubwa akutisokoneza pang'ono. Ife amene tinakula nthawi ya Nyasaland, tikamva bwanamkubwa timaona mzungu wa ku Zomba wovala chisoti cha nthenga, amene boma la ku London linamutuma ndipo limamulipira mwezi ndi mwezi. Udindo wa munthu tikukambayu unali wa mtundu wina. Kuwonjezera pa ubwanamkubwa, iye anali adelantado, kutanthauza munthu amene wapangana ndi mfumu kuti akagonjetsa dera ndi ndalama zake, ndipo phindu likapezeka adzatapako gawo lake. M'pangano la mu Malichi 1540 analonjeza kuwononga madukati (ndalama za nthawiyo) 8,000 pogula zombo, akavalo, zida ndi chakudya. Tsono munthu woteroyo amapita ali ndi ngongole kumsana, ndipo ngakhale mtima wake utakhala wabwino chotani, ayenera kupeza siliva kapena golide kuti abweze chuma chake. Pangano lomwelo linali ndi mfundo ina yovuta, yakuti iye adzakhala bwanamkubwa ngati Juan de Ayolas, amene anasiyiridwa udindowo ndi bwanamkubwa woyamba Pedro de Mendoza, atapezeka kuti anamwalira. Choncho ananyamuka ku Cádiz asakudziwa ngati akupita kukakhala mutu kapena wachiwiri.

Ndipemphenso kuti tisamatchule anthu a kumeneko kuti Amwenye, monga ndaonera m'mabuku ena a sukulu, chifukwa kwathu kuno mawuwo amanena anthu a ku India. Titchule mitundu yawo, Aguarani, Aguaikuru ndi ena otero.

WakuTete

Agogo afotokoza bwino. Ndiwonjezere za ulendo wofikira ku Asunción, chifukwa pamenepa ngakhale adani ake analibe chonena chambiri. Anafika pa chilumba cha Santa Catarina ku Brazil kumapeto kwa Malichi 1541, ndipo atamva kuti Buenos Aires ili pa mavuto, anasankha kudutsa pamtunda ndi anthu 250 ndi akavalo 26, ena onse nazungulira panyanja. M'njira analetsa asilikali kulowa m'nyumba za Aguarani kapena kugula okha chakudya, naika anthu odziwa chilankhulo kuti azigula m'malo mwa gulu lonse, akulipira ndi mipeni, mbedza, nkhwangwa ndi malumo. Mu Januwale 1542 anafika pa mathithi a Iguazú, amene lero ali m'malire a Brazil ndi Argentina, ndipo amawerengedwa kuti ndi mzungu woyamba kulemba za mathithiwo. Buku la mlembi wake limati pa ulendo wonsewo wa miyezi yoposa 4 anataya anthu ochepa kwambiri, mmodzi mwa iwo atamira powoloka mtsinje wa Paraná. Mukayerekeza ndi ulendo wa Narváez, zikuoneka kuti munthuyu anaphunzirapo kanthu.

Kamtedza

Zikomo kwambiri nonse. Tsono ngati anafika bwinobwino chonchi, chidani chinayambira pati? Zaka ziwiri zokha n'zochepa kuti anthu afike pomanga mtsogoleri wotumidwa ndi mfumu.

MphunzitsiWopuma

Chidani anachipeza chikumudikira, mwana wanga. Asunción inakhazikitsidwa pa 15 Ogasiti 1537 ndi Juan de Salazar, ndipo pofika 1542 Ayolas anali ataphedwa kale ku Chaco, dera lalikulu la kumadzulo kwa mtsinje wa Paraguay, ulamuliro uli m'manja mwa Domingo Martínez de Irala, msilikali wa mtundu wa Basque amene anthu akumeneko ankamumvera. Irala anali atasamutsa anthu onse a ku Buenos Aires mu 1541 n'kuwasonkhanitsa ku Asunción. Anthuwa anali ataona njala yoopsa, anzawo ambiri atafa, ndipo anapulumuka chifukwa cha ubale umene anapanga ndi Aguarani a m'deralo. Mafumu a Aguarani ankapereka ana awo aakazi kwa Asipanishi, ndipo kudzera mwa akaziwo abale awo aamuna ankabwera kudzalima, kupalasa mabwato ndi kumenya nkhondo monga alamu. Msipanishi mmodzi ankatha kukhala ndi akazi ambirimbiri, amene ankamulimira chimanga ndi chinangwa, kumuwombera nsalu za thonje ndi kumuberekera ana, ndipo ena ankasinthanitsa akaziwo ndi akavalo kapena zovala. Chuma chonse cha mudziwo chinali pa misana ya akazi amenewa.

Tsono akubwera mlendo ndi kalata ya mfumu, nayamba kuika malamulo oletsa kulowa m'midzi ya Aguarani popanda chilolezo, kulanda katundu wawo ndi kugulitsa akazi. Kenako anakhudza matumba a akuluakulu a chuma cha mfumu, Alonso Cabrera, Garci Venegas, Felipe de Cáceres ndi Pedro Dorantes (osati Andrés Dorantes uja), amene ankatolera msonkho wa gawo limodzi mwa magawo 5 pa nsomba, uchi, chimanga, mafuta ndi zikopa. Msonkho woterewu unali wa pa golide ndi siliva, ndipo iye anauimitsa ponena kuti ukusautsa amphawi. Akuluakuluwa anaikidwa ndi mfumu monga iye yemwe, ndipo anali ndi ufulu wolembera ku Spain popanda kudzera kwa iye. Anakangananso ndi ansembe awiri, Bernardo de Armenta ndi Alonso Lebrón, amene anayesa kuthawira ku Brazil ndi makalata omunenera, atatenga atsikana a Aguarani, koma anawabweza panjira. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo m'khola limeneli tambala wakale anali ndi nkhuku zonse kumbali yake.

Gogo_waNtcheu

Nkhani ya chilamuyi ikumveka kwa ife amene timadziwa chikamwini, ngakhale kuti kumeneko zinatembenuzika. Kwathu mkamwini ndiye amagwira ntchito kwa apongozi ake, pamene ku Asunción alamu ndiwo ankagwirira ntchito wokwatira mlongo wawo. Aguarani ankayembekezera kuti ubalewo ukhala wobwezerana, kuti alendowo adzawathandiza kulimbana ndi mitundu ya ku Chaco imene inkawaukira nthawi yokolola. Alendowo analandira ulemu wa chilamu, koma m'kupita kwa zaka anayamba kuwaona alamuwo monga antchito wamba.

Nasibeko

Ndilole ndifotokoze zimene zinandichitikira, chifukwa powerenga zimene alemba a Mphunzitsi ndakumbukira chaka chowawa kwambiri pa ntchito yanga. Ndinatumizidwa kukakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina yakumudzi, kutali ndi msewu, kumene wachiwiri wanga anakhala akugwirizira udindowo zaka zitatu. Ndinapeza kuti ana ankatumidwa kukapalira minda ya aphunzitsi nthawi ya maphunziro, ndipo panali kandalama kamene makolo ankapereka komwe sikankalembedwa m'buku lililonse. Ndinaletsa zonse ziwiri sabata yoyamba, pa msonkhano wa aphunzitsi onse, ndikuwerenga malamulo mokweza. Pasanathe miyezi 6, kalata yosainidwa ndi pafupifupi aphunzitsi onse inafika ku ofesi yoyang'anira, yonena kuti ndine wonyoza, wosamva za anzanga ndiponso wosalemekeza mafumu. Pa zimene analembazo, zina zinali zabodza, koma zakuti sindinkafunsa nzeru kwa wina aliyense zinali zoona. Anandisamutsa, ndipo ndinamva kuti ana aja anabwerera kuminda. Sindikudziyerekeza ndi bwanamkubwa, koma ndikudziwa kuti munthu akhoza kukhala wolondola pa lamulo, nakhalanso wolephera pa kayendetsedwe ka anthu, zonse ziwiri nthawi imodzi.

Chiphaliwali

Pepani ndi zimene munakumana nazo, mayi, koma inu simunanyonge munthu. Bwanamkubwa uyu ananyonga.

Nachisale_LL

A Chiphaliwali afika pamene ndimafuna kufika. Mfumu ina ya Aguarani, dzina lake Aracaré, inatumidwa ndi anthu ake kukalondolera Asipanishi njira yolowera ku Chaco, koma inabwerera panjira n'kulimbikitsa anthu ake kuti asatumikire alendowo. Cabeza de Vaca anaweruza kuti iphedwe, ndipo Irala ndiye anainyonga polamulidwa ndi iye. Imfa imeneyi inautsa nkhondo mu 1543, yotsogozedwa ndi Tabaré, imene Irala yemweyo anaithetsa ndi magazi. Mlandu wa Aracaré unali wotani, kupatula kukana kutsogolera alendo m'dziko la eni? M'chaka cha 1542 bwanamkubwayo anali atatsogolera yekha nkhondo yolimbana ndi Aguaikuru kutsidya kwa mtsinje wa Paraguay.

Ndiye pali ulendo umene unamugwetsa. Mu Sepitembala 1543 ananyamuka ku Asunción ndi Asipanishi pafupifupi 400, zombo zazing'ono 10 ndi Aguarani oposa 1,000 m'mabwato, kukwera mtsinje mpaka ku Puerto de los Reyes, kufunafuna njira yopita ku dziko la siliva limene aliyense ankalilota. Sankadziwa kuti chuma chimene ankamva mbiri yake chinali cha ku Peru, kumene Asipanishi anzake otsogozedwa ndi Francisco Pizarro anali atafika kale. Chakudya chitatha, anatuma Gonzalo de Mendoza kukachifuna m'midzi, ndi lamulo lakuti eni ake akakana kugulitsa achitenge mokakamiza, ndipo midzi inatenthedwa. Anthu ena a pazilumba za m'dambo lalikulu la kumeneko atapha Asipanishi angapo, iye anawaweruza kuti ndi adani oyenera ukapolo, ndipo ambiri anagwidwa. Zimenezi sizichokera kwa adani ake okha, zina zili m'buku la mlembi wake lomwe. Kusiyana kwake ndi Irala kunali kwakuti iye asanachite zimenezi ankaitana ansembe ndi akuluakulu, nafunsa maganizo awo, nalembetsa zonse pa pepala kuti ziyende mwa lamulo. Kwa munthu amene nyumba yake ikupsa, pepalalo silinasinthe kanthu.

MphunzitsiWopuma

Sindikutsutsa chilichonse pa zimene mwalembazi. Ndikungopempha kuti tiike pa muyeso womwewo zimene anachita ponyamuka ku Puerto de los Reyes. Madzi atasefukira, malungo atagwira pafupifupi aliyense pamodzi ndi iye yemwe, anagonja nalamula kuti abwerere. Pokwera m'zombo analamula kuti atsikana pafupifupi 100 amene makolo awo anawapereka kwa akuluakulu a nkhondo abwezedwe kwawo, ndipo palibe amene analoledwa kutenga ndi mmodzi yemwe. Asilikali amene anabwerako opanda siliva, akudwala, tsopano analandidwanso chimene ankachiona ngati malipiro awo okha. Anafika ku Asunción pa 8 Epulo 1544, ndipo patangopita masiku 17, iye ali chigonere ndi malungo, anthu okhala ndi zida analowa m'nyumba mwake usiku. Aguaikuru amene anagwidwa pa nkhondo ya 1542 ija nawonso anawamasula pofuna mtendere, pamene asilikali ankawafuna monga akapolo. Munthu wongofuna kukondedwa ndi asilikali ake sakanachita zimenezi.

WakuTete

Chimene chimandichititsa chidwi ndi mawu amene ogwira bwanamkubwayo ankafuula usiku umenewo. Ankafuula kuti "Libertad", kutanthauza ufulu, komanso ankatamanda mfumu, kusonyeza kuti m'maso mwawo sankaukira mfumu koma ankaiteteza kwa wolamulira wankhanza. M'mawa mwake anasankha Irala. Chombo chimene anamanga kuti chimutengere ku Spain mu Malichi 1545 anachitcha Comuneros, dzina la anthu a m'mizinda ya Castile amene anaukira mfumu Carlos mu 1520 ndi 1521, ndipo Cabeza de Vaca ali wachinyamata anamenya nkhondo kumbali ya mfumu polimbana ndi anthu amenewo. Ufulu umene ankaunenawo unali wa iwo eni, woti azichita ndi Aguarani monga afunira.

Sizinachitike ku Paraguay kokha. Mu Novembala 1542 mfumu inasaina malamulo atsopano oteteza eni nthaka a ku America, ndipo Blasco Núñez Vela atatumidwa ku Peru kukawakhazikitsa, nayenso anamangidwa mu 1544, chaka chomwecho, ndipo mu 1546 anaphedwa pa nkhondo ya Añaquito ndi gulu la Gonzalo Pizarro. Kalata yochokera ku Asunción inkatenga miyezi yambiri kuti ifike ku Spain, yankho lake n'kutenganso miyezi ina, ndipo pakati pa nthawi yonseyo mphamvu zinali ndi amene anali ndi mfuti pamalopo.

Kamtedza

Nanga atafika kwawo, mfumu imene ankaitumikira mokhulupirika chonchi inamuteteza? Ndinkaganiza kuti omanga bwanamkubwa ndi amene akanalangidwa.

Nachisale_LL

Sizinayende choncho, achimwene. Mlandu unapita ku Consejo de Indias, bwalo lalikulu loona za maiko a kutsidya kwa nyanja, ndipo woimbidwa mlandu anali iyeyo. Zina mwa zimene anamuneneza zinali kuzunza eni nthaka, kupha Aracaré, kulanda katundu wa anthu ndi kuika chizindikiro cha banja lake pamalo pa chizindikiro cha mfumu, chimene pa nthawi imeneyo chinali pafupi ndi kudziyesa mfumu. Taonani kuchenjera kwa adani ake, amene anamuneneza za nkhanza kwa eni nthaka podziwa kuti nkhani imeneyo ndi imene inali pakamwa pa akuluakulu ku Spain zaka zimenezo. Mlanduwo unakoka zaka zambiri, iye akuwononga chuma chimene chinamutsalira, ndipo mu Malichi 1551 bwalo linamulanda maudindo onse, linamuletsa kupondanso ku America moyo wake wonse, linamulamulanso kukatumikira zaka 5 ku Oran, m'dziko limene lero ndi Algeria, ndi kavalo ndi zida zogula yekha.

Buku la mlembi wake silinalephere kubwezera. Limafotokoza kuti Garci Venegas, mmodzi wa awiri amene anamuperekeza m'chombo monga mkaidi, anafa imfa yadzidzidzi ndi yoopsa, ndipo Alonso Cabrera anachita misala napha mkazi wake. Wowerenga akuyenera kumva kuti Mulungu anaweruza pamene bwalo linalephera. Buku lolembedwa ndi mtima woterewu ndi limene ambiri atengamo chithunzi cha bwanamkubwa woyera.

Mlonda_wa_Usiku

Ndipo m'mapepala onsewo, a mbali zonse ziwiri, Aguarani akuonekamo monga umboni wa mlandu wa azungu okhaokha. Aliyense akuti mnzakeyo ndiye ankawazunza, koma onse awiri ankawafuna kuti apalase mabwato kupita ku siliva.

Chiphaliwali

Tsono ku Oran anapitadi ndi kavalo wakeyo?

MphunzitsiWopuma

Sanapite. Anachita apilo, ndipo mu Ogasiti 1552 bwalo lomwelo linachotsa chilango cha ku Oran, nilichepetsa chiletso chija kuti chikhudze Río de la Plata yokha, koma ubwanamkubwa ndi chuma chimene anawononga sizinabwerere. Irala sanaimbidwe mlandu pa kulanda ulamuliro. Mfumu inamuvomereza kukhala bwanamkubwa, ndipo kalata yake inafika ku Asunción mu 1555, chaka chomwe mabuku awiri a Cabeza de Vaca anasindikizidwa pamodzi ku Valladolid ndi chilolezo cha mfumu yomweyo. Kumayambiriro kwa 1556 Irala anagawa Aguarani zikwizikwi kwa Asipanishi mazana angapo m'dongosolo lotchedwa encomienda, kuti aziwagwirira ntchito mwa lamulo, ndipo anamwalira mu Okutobala chaka chomwecho akadali pa udindo.

Gogo_waNtcheu

A Nachisale, pa nkhani ya Aracaré pali chimene sichinandimvekere. Ngati Irala ndiye anagwira chingwe, anakwanitsa bwanji anzake kuika imfa imeneyo pa mutu wa Cabeza de Vaca yekha kubwalo, dzina la Irala osatchulidwa monga wolakwa?

Nachisale_LL

Chifukwa cha mapepala ake omwe aja, agogo. Chigamulo chopha Aracaré chinalembedwa mwa dongosolo, chili ndi dzina la bwanamkubwa, ndipo Irala anangoonetsa kuti anamvera lamulo la mkulu wake. Komanso Irala sanapite ku Spain kukaima pamaso pa oweruza. Anatsala ku Asunción ndi asilikali, akutumiza makalata.